Mlandu wa Mabawuti

Kagalimoto kaja kanalowa m'mudzi mwathu katafa kale, kakukokedwa ndi ng'ombe za apongozi anga. Inali nthawi ya nkhondo ya azungu. Amuna anga anali ku usilikali kutsidya kwa nyanja, ine ndili pachitengwa kwa Angoni cha ku Mtenguleni, ndi kamwana kanga kakakazi kongosiya kumene bere. Kwathu kwenikweni ndi ku Kasenengwa. Ndine Mchewa ine, ndipo pamudzi paja sankalola kuti ndiiwale.

Kagalimotoko ndinkakadziwa kasanafe, ndipo ndinkadana nako. Kanali ka mzungu wina wolima fodya ku Chiparamba. Musaganize za malole onyamula mabelo aja ayi. Aka kanali kofiira ngati phwetekere, mimba yokwawa pansi ngati bakha, mphuno yaitali, denga kalibe, mipando iwiri yokha, magudumu a masipoko ngati a njinga. Galimoto yosatha kunyamula ngakhale thumba la mtedza, ntchito yake kuthamanga basi. Mwini wake akamapita ku boma, ku Fotijemusoni kumene lero mukuti Chipata, tinkakamvera kutali kakubangula. Tsiku lina kanandigwetsera m'minga ndili ndi mtolo wa nkhuni pamutu, iye n'kumaseka, mano ali mbee. Nkhondo itabwera mzunguyo anapita, kagalimoto n'kutsala m'chigafa chodontha, mvula ndi mvula kukapeza momwemo. Dona wake atatopa nako anauza antchito kuti wofuna achotse, mwayamba kuikira nkhuku.

Wofunayo anali alamu anga, akulu awo a amuna anga. Munthu ameneyu anakhalako ku Halale, ndipo anabwerako ndi chipewa, masipanala ndi pakamwa. Ankadzitcha makaniko. Anzake amene anali nawo kumeneko ankati ankasesa pagalaja. Nzeru yawo inali yoti achotse chitsulo cham'mbuyo chija chogwira magudumu, akhomepo matabwa, chisanduke chikochikale, ngolo ya ng'ombe ija, aziwanyamulira amwenye katundu wa m'masitolo. Nzeruyo sinali yoipa, bodza n'loipa. Choipa chinali mwini nzeruyo.

Mthunzi wabwino pamudzi ponse unali wa mkuyu wa pakhomo panga. Ndiye anakakokera pomwepo, mphuno yake kutsala pang'ono kugunda khonde langa.

Ndinagwada ndithu monga mwa ulemu. "Alamu, pano ndi pomwe ndimasinjira, ndiponso mwana amasewera pomwepa."

"Kasinjire uko. Mawa lomweli chitsulo chikhala chitachoka, kenako uzidzandipempha kuti ndikukweze."

Mawa lakelo linakhala mawa la kamba. Chitsulo chija chinagwidwa ndi mabawuti okhota ngati goli, kunsi kwake kuli manati. Koma dzimbiri linali litadya mpaka osadziwika kuti nati wathera pati, bawuti wayambira pati. Zonse zinangotupa n'kukhala chinthu chimodzi chofiirira ngati chiswe chamangapo. Alamu anagona chagada pansi pa galimoto, miyendo ili kunja, n'kukoka sipanala ndi mphamvu zawo zonse. Sipanala inaterereka, zala n'kukagunda pachitsulo, khungu n'kutsala pomwepo. Zimene anatukwana tsiku limenelo sindingazibwereze, zina zinali za chinenero cha ku Halale komweko.

Anathira palafini wa m'nyali ya apongozi. Anathira mafuta a nsatsi. Anamenya ndi nyundo mpaka dzimbiri likuwagwera m'maso ngati gaga. Analowetsa paipi kuchigwiriro cha sipanala n'kuitana amuna anzawo kuti adzakoke nawo. Chimene chinatheka n'chakuti manati aja anatha makona, n'kukhala obulungira ngati masuku, sipanala osagwiranso. Pamenepo anthu anayamba kubwera ndi mipando. Madoda ankachoka ku mowa n'kudzakhala pa mkuyu wanga ngati pali gule.

"A makaniko, kodi lero tikwera?"

"Musawasokoneze, akusesa kaye kunsiko."

"Ayi, chimenechi chimamva Chingerezi. Tachiuzani bwinobwino, mwina chivomera."

Mwamuna akasekedwa ndi amuna anzake, mkwiyo amakautula pa mkazi. Wawo mkazi anali atawathawa kale. Wapafupi ndinali ine.

M'mawa wina ndinatuluka ndi lichero la mphale m'manja. Zida zawo zinali mbwee pakhomo panga penipeni, chifukwa ankazisiya paliponse. Ndikanadzera pati? Nyumba ili ndi khomo limodzi. Ndinalumpha sipanala ija n'kumapita.

"Ima pomwepo!" Anatuluka kunsi kuja nkhope ili yofiira ndi dzimbiri. "Wachita chiyani?"

"Ndatuluka m'nyumba mwanga, alamu."

"Walumpha chida. Ndiye tsiku lililonse umalumpha, eti? Ine ndikuvutika pano, kani chitsulo chikukanira iwe!"

Inu a lero simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Kalekale osula zitsulo anali ndi mwambo wawo. Munthu wotentha, ndiye kuti amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi, sankayandikira ng'anjo kapena kulumpha zida. Akatero chitsulo chimakana. Tsono ine amuna anga anali kunkhondo, mwana anamusiya ali m'mimba. Kutenthako ndikanakutenga kuti? Apo ndi pomwe panagona nkhani. Alamu sananene kuti ndine wachigololo. Anangoti chitsulo chikukana chifukwa cha ine, enawo aliyense anamaliza yekha.

Apongozi anali akupeta pakhonde pawo, ndipo ndinaona lichero lawo litaima. Mayi amene uja sanandikondepo chiyambire, ankati ng'ombe zawo zinapita pa Mchewa wosadziwa ngakhale kukama. Koma ndisawanamizire, tsiku limenelo anachitadi mantha. Tonse tinkadziwa kuti mkazi wa msilikali akayenda njira zokhota, chipolopolo chimampeza mwamuna wake kumene aliko. Anabwera pomwe ndinaimapo.

"Inu mtengwa, mukufuna kundiphera mwana?"

"Amayi, ine sindinachite kanthu. Funsani aliyense, usiku ndimagona ndi mdzukulu wanu yekhayu."

"Nanga chitsulo chikukaniranji?"

"Chadya dzimbiri, amayi. Chakhala pamvula."

"Dzimbiri lomweli lingakanike mwana wanga woti anagwira ntchito kwa azungu?"

Madzulo ake akuluakulu a pabanja anakhala pansi pa mkuyu womwewo, ine nditakhala pafumbi miyendo yotambasula ngati wakuba. Chigamulo chawo chinali chotere. Ndichoke pamudzi ndikakhale kumsasa wa kudimba mpaka mwezi umene unali kumwambawo utafa. Chitsulo achitsuke ndi mankhwala. Ngati mabawuti amasuka ine kulibe, ndiye kuti wowagwira ndinali ine, ndipo ndibwerere kwathu ku Kasenengwa. Mwana atsale, pakuti kwa Angoni mwana ndi wa ng'ombe zimene zinalowola mayi wake.

"Amayi," ndinatero, "Lamulungu timagwada limodzi kutchalitchi. Zimenezi ansembe akazimva adzati chiyani?"

"Ansembe ndi a za mzimu. Izi n'za chitsulo."

Anandimasula mwana kumsana. Kanagwira nsalu yanga kakukuwa, alamu n'kukamasula zala chimodzichimodzi. Zala za mwana wanga anazimasula msanga ndithu, makaniko wathu uja.

Kumsasa kuja ndinkamva zonse, chifukwa dimba linali kunsi kwa mudzi. Nyundo ikalira, ngwee, ngwee, mtima wanga unkaima. Ikasiya ndinkatchera khutu kuti mwina ndimva nthungululu. Taganizani, munthu wamkulu kumapempherera dzimbiri! Ndinkati, gwira, mbale wanga, usawalekerere. Chifukwa palafini yense anathira uja akanatha kulowerera tsiku lililonse, nati mmodzi n'kutembenuka, ine n'kukhala wopanda mwana chifukwa cha galimoto ya mzungu amene sanadziwe n'komwe dzina langa.

Kutacha apongozi anatsika kudimba ndi mphika wa mankhwala, mizu ili yandeyande pamwamba, ndi kachikho ka mchere. Mchere nthawi imeneyo unkasowa, wa m'sitolo tinkauona ngati shuga. Anaika zonse patsogolo panga.

"Thirani mchere ndi dzanja lanu."

Mwambo wake ndi womwewo. Munthu akadwala mdulo, amene wamudulayo ndiye amathira mchere m'mankhwala kuti achire. Ndiye kuthira kunali ngati kuvomera mlandu. Ndinabisa manja kumbuyo.

"Sindithira. Sindinadule munthu ine, kapena chitsulo."

"Mukakana ndiye kuti mukufuna mwana wanga afere kutchire. Tikuperekezani lero lomwe."

Ndinayang'ana mchere uja, ndipo ndinakumbukira kampeni kanga ka ndiwo. Ndikadulira nako nyama yothira mchere n'kuiwala kukatsuka, m'mawa ndinkakapeza katafiira ndi dzimbiri. Zimenezo mkazi aliyense amazidziwa, ngakhale apongoziwo ankazidziwa, koma mantha anali atawatseka m'maso. Ine sanandifunse, ndipo sindinawauze. Ndinatapa dzanja lodzaza n'kuponyamo.

"Ee, wonsewo? Katsineni pang'ono chabe!"

"Ngati n'kuchiritsa, amayi, tichiritse kwenikweni."

Anandiyang'ana ngati aona njoka. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti mtengwa wavomera, wathira mchere ndi dzanja lodzaza. Akazi anzanga obwera kudzatunga madzi pachitsime cha kudimba ankandidutsa ngati chitsa. Mmodzi yekha ndiye ankandinong'oneza poŵerama kuti mwana akukana phala, amangoloza njira ya kudimba. M'mawa uliwonse apongozi ankatsika ndi mphika wawo, ine n'kumathira, iwo n'kukawaza pa mabawuti ndi kanthambi, alamu ataima pambali chipewa chili m'manja ngati pamaliro. Mchere wa m'sitolo utatha anayamba kubwera ndi chidulo. Ndinathiranso chomwecho.

Mwezi unayamba kuchepa. Nyundo inkalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo kaliridwe kake kanasintha, kanali ka munthu wongomenya. Ndinamva kuti ayesa kudula ndi tchizulo, tchizulo n'kubuntha. Ndinamva kuti amangirira unyolo ku ng'ombe kuti zizule, galimoto n'kungosendera pafupi ndi nyumba yanga. Tsiku lina alamu anatsika okha kudimba, zala zili zomangamanga ndi nsanza.

"Mlamu, tauza mankhwala akowo asiye."

"Mankhwala ake ati, alamu? Ine ndili kuno monga munalamulira. Kapena ndikulumphanso sipanala ndili kudimba?"

"Pakamwa pako mpomwe padzakuphetse."

"Bwererani, dzuwa likupita. Mwezi watsala ngati chikhadabo."

Anatola chibuma kuti andigende, koma anaona akazi pachitsime akuyang'ana, n'kuchiponya mumasamba anga a mpiru.

Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe, udzu wa padenga uli gwaa, mphepo ikuzungulira ndi fumbi. Alamu anakabwereka mvukuto kwa wosula makasu wa mudzi wina. Anati chitsulo chilichonse chimagonja pamoto. Anaunjika makala ndi zitsononkho pansi pa galimoto, kunsi kwa mabawuti aja, n'kuyamba kuvukuta dzuwa lili pamutu. Chimene sankadziwa makaniko wathu n'chakuti kagalimoto kaja kunja kokha ndiko kunali chitsulo. M'kati mwa malata ofiira aja munali nthiti za matabwa, zouma, zitamwa palafini ndi mafuta a nsatsi onse aja. M'mipando munali udzu wa nkhuku. Ndipo m'thanki, amene amadziwa anati, munatsalira mpweya wa petulo.

Ine ndinali kuthirira mpiru. Ndinangomva kuti phuu, ngati mfuti ya gogodela, kenako utsi wakuda uli tolo pamwamba pa mkuyu. Chigamulo ndinachiiwala. Ndinataya chikho n'kuthamanga, minga osaimva. Ndikufika, denga la nyumba yanga linali litagwira kale, moto ukudumphira pa nkhokwe ya apongozi. Anthu onse anali pa nkhokwepo ndi mitsuko ndi nthambi. Panyumba panga panalibe ngakhale mmodzi wothirapo madzi. Mphasa zanga, nsalu imene amuna anga anandisiyira, mbewu yanga ya mtedza, zonse zinkapita, anthu atandipatsa misana.

Sindinaime. Ndinkangokuwa kuti mwana ali kuti, mwana ali kuti. Ndinakapeza kuseri kwa khola, katakhala kokha pafupi ndi mtondo, kakulira mopanda mawu, kamwa ili yasaa. Anali atakaiwala. Mwana wa ng'ombe zawo uja. Ndinakanyamula n'kukabereka, nsalu n'kumanga mfundo pachifuwa mpaka kupuma kunandivuta.

Nkhokwe sanaipulumutse. Chimanga cha chaka chonse chinanyeka chikununkhira ngati chokazinga. Moto utazilala dzuwa linali litapendeka. Anthu anangokhala pansi, akuda ngati makala. Kagalimoto kanatsala mafupa okhaokha, matayala atasungunuka, masipoko atapindika.

Ndiye tamverani zimene anachita munthu uja. Mkono uli ndi matuza, nsidze zitapserera, anakwawira m'phulusa lotentha ndi sipanala yake. Anamenya nati mmodzi ndi nyundo, dzimbiri n'kuyoyoka lonse, pakuti moto unali utalipsereza. Anapotokola, ndipo tonse tinamva kuti kwii. Nati anatembenuka. Anamumasula mpaka kumapeto, n'kutuluka atamukweza m'mwamba ngati wapha nyalugwe.

"Mwaona! Wamasuka! Mwezi usanafe wamasuka! Ndinanena ine kuti ndi mkazi ameneyu. Mulandeni mwanayo!"

 Mwa chigamulo chawo chija, iye anali atapambana. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana wa mwana unagunda mpanda wa khola, ndipo ndinatola musi umene unali pa mtondo paja. Sindikudziwa ngati ndikanamenya nawo. Ndikuganiza kuti ndikanamenya.

Palibe anadzuka. Alamu anayang'ana madoda aja, iwo n'kuyang'ana pansi. Anatembenukira kwa amayi awo, amene anali atakhala pafupi ndi mulu wa chimanga chopsa, manja ali pamutu.

"Amayi, mwaona nati uyu?"

"Ndamuona. Ndiye tikonole ameneyo?"

"Koma mlandu wake uja, amayi."

"Tandichokera apa, chitsiru iwe."

Musaganize kuti apongozi anandiyeretsa. Ayi ndithu. Ananditembenukira maso ali psuu ndi utsi.

"Inu mtengwa, zimene munachita akudziwa ndi Mulungu, ndipo chitsulo chanena. Mawa ndisakuoneni pano."

"Ndipita, amayi. Nanga ndigona pati? Nyumba ya mwana wanu ndi iyo ikufuka utsiyo. Koma uyu sindimumasula."

Alamu analumphira kutsogolo. "Mwana ndi wathu! Ng'ombe zinapita!"

Apongozi anayang'ana mwana, anayang'ana nkhokwe. Mvula inali isanagwe, ndipo kukolola kunali kutali.

"Timudyetsa chiyani, phulusa? Apite naye akadye za Achewa anzake. Tikakolola tidzatuma munthu."

Umo ndi momwe ndinapezera mwana wanga. Sikuti anaona kuti ndine wosalakwa, koma anaona kamwa yoti aidyetse. Sindinadikire kuti mawa lifike, mwina angagone n'kusintha maganizo. Ndinanyamuka nthawi yomweyo, wopanda mtolo, wopanda chikho, musi uja ndinakautaya kunja kwa mudzi. Ndinagona kwa anthu achifundo m'njira. Pofika ku Kasenengwa mapazi anali atang'ambika, ndipo amalume anga atamva nkhani yonse anangoti, abwere adzamutenge tione.

Atakolola anatumadi munthu. Amalume anamulandira bwino, anamuphera nkhuku, kenako anamuuza kuti mlandu wa mwana tikaukambire ku boma pamodzi ndi mlandu wa amene anatentha nyumba ya msilikali wa mfumu ya azungu ali kunkhondo. Munthuyo anadya nkhuku yake n'kubwerera. Sanabwerenso wina.

Amuna anga anabwera nkhondo itatha, owonda, akutsokomola, koma opanda bala la chipolopolo ngakhale limodzi. Anayamba kufikira kwawo, kumene anawauza zawo. Kenako anabwera kwathu n'kumva zanga. Sananene kuti wolakwa ndani, sanali munthu wa mawu ambiri. Anangopempha malo kwa amalume n'kuyamba kudula mitengo. Mngoni wolowola ndi ng'ombe kukhala pachikamwini! Kwawo anawaseka mpaka kutopa, ndipo ena ankati ndinawadyetsa mankhwala.

Chikochikale chija sichinakhomedwe. Chitsulo chinali chitakhota ndi moto, ndipo mafupa a kagalimoto anakhala pansi pa mkuyu wopserera uja mpaka osula makasu anawatha pang'onopang'ono. Apongozi anamwalira akuuzabe anthu kuti mabawuti anamasuka mtengwa atachoka. Pakamwa pawo sipanatuluke pepani, ndipo ine sindinawapemphe.

Alamu anakhala moyo wautali, anthu otere safa msanga. Ankabwera kwathu nthawi ya njala kudzapempha chimanga kwa mng'ono wawo, n'kumandiitana kuti mlamu wanga wabwino. Ndinkawapatsa madzi nditagwada, chifukwa mwambo ndi mwambo, koma mwana wanga ndinkamutuma kutali mpaka atapita. Atamwalira ndinapita kumaliro, pakuti maliro sakanidwa. Ndinatunga madzi, ndinasonkha moto, ndinaphikira adzukulu okumba manda. Kulira ndinasiyira ena.